Zitseko Zoloza Kumsewu

Makina osokera a mayi Telala ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anizana ndi sukulu ya pulayimale. Akaweramuka kuti awongole msana, maso awo ankagwera pa nyumba yakale ya makalasi atatu imene inali m'mphepete mwa msewu, mmene ankaphunziriramo ana aang'ono. Malata ake anali atadyeka ndi dzimbiri, moti dzuwa likakwera pansi pankaoneka madontho ngati nsalu yamawangamawanga. Mvula ikagwa, aphunzitsi ankasonkhanitsa ana pakona imodzi ngati nkhuku yofungatira anapiye, phunziro n'kuthera pomwepo.

Makolo anawasankha mayiwa kukhala wapampando wa komiti ya sukulu chifukwa cha pakamwa pawo. Sanali amwano ayi, koma funso akaliyamba sankalisiya panjira. Mwezi uliwonse khonsolo inkachita msonkhano umene anthu wamba ankaloledwa kulowa, ndipo pabenchi yakumbuyo nthawi zambiri pankakhala iwo okha, tepi yoyezera ili m'khosi chifukwa choiwala kuivula. Nthawi ya mafunso ikakwana ankaimirira. Ndalama zokonzera sukulu zimene munalengeza chaka chatha zinalowera kuti? Nyumba ija ndi ya khonsolo, nanga mwini wake amabwera liti kudzaiona? Makhansala ankayang'ana mawotchi awo. Alembi akawaona akulowa pageti ankanong'onezana kuti, "Anulani zovala, mvula ija yafika."

Tsiku lina m'mawa galimoto ya khonsolo inaima kutsogolo kwa khonde lija. M'galimotomo munatsika bwana woyang'anira nyumba ndi malo a khonsolo, munthu wofatsa, wa mawu ozizira, amene kwa zaka zonsezo ankayankha mafunso awo ndi mawu amodzimodzi akuti nkhaniyo ikuunikidwa. Tsikulo anapereka moni ndi manja awiri.

"Mayi, mwatigonjetsa," anatero bwanayo. "Nyumba ija tikuikonza. Malata atsopano, simenti pansi, magalasi, magetsi, zonse. Chimene tikupempha n'chakuti ana atulukemo kaye teremu imodzi, amisiri agwire ntchito momasuka."

"Teremu imodzi yokha?"

"Imodzi basi. Ndipo tsiku lotsegulira, riboni mudzadula ndinu. Tonse timadziwa amene wavutikira nyumbayi."

Mayi Telala anakhala kanthawi phazi lili pa chopondera makina, osaponda. Munthu amene wazolowera kukankha chitseko chokhoma, tsiku limene chatseguka chokha amagwera m'kati. Masana omwewo anaitanitsa komiti, ndipo iwo eni ake ndi amene ananyengerera ahedi ndi makolo okayikira kuti ana asamutsidwe. Ana aang'onowo anawapanikiza m'makalasi otsala, anayi padesiki ya awiri, ena pansi. Amene sanakwane anawauza kuti azibwera masana, anzawo akaweruka.

Amisiri anabweradi, ndipo anagwira ntchito ndi changu chimene anthu anali asanachionepo pa ntchito ya khonsolo. Posakhalitsa malata anayamba kuthobwa m'maso. Anthu odutsa pakhonde ankaima n'kunena kuti, "Amayi, pakamwa panu palipira." Ena ankabweretsa zovala zimene sizinkafunika n'komwe kusokedwa, n'cholinga choti angowagwira chanza. Mayi Telala ankayankha modzichepetsa kuti ntchitoyo ndi ya tonse, koma mumtima munkakoma.

Mng'ono wawo ankaphunzitsa kalasi yoyamba pasukulu pomwepo. Tsiku lina ataweruka anafika pakhondepo, choko chili mbuu m'manja, n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Achemwali, mwapitako kokaona nyumba yanu ija?"

"Ndimaiona pompano tsiku lililonse. Ikuwala ngati mkwatibwi."

"Mkwatibwi wakeyo watifulatira. Zitseko zija zinkaloza kubwalo la sukulu azitseka ndi njerwa. Aboola zina kumsewu, zachitsulo, zazikulu zoti ngolo n'kulowa. Mwana wa kalasi yoyamba akaweruka azitulukira m'kamwa mwa magalimoto?"

"Amisiri amadziwa ntchito yawo."

"Nanga mabolodi? Awapala onse, apakapo utoto woyera. Ine ndizilemba pati, pamphumi pa ana?"

Mayi Telala anadula ulusi ndi mano. "Iwe vuto lako ndi lomwelo. Ukapatsidwa nsalu umayamba n'kufufuza pong'ambika."

"Ndinatengera inu. Lachinayi kuli msonkhano wa khonsolo, ndipo ndamva kuti akambirana za nyumba ndi malo. Pitani mukafunse za zitsekozo. Ine ndine wantchito wawo, sindingakaimirire pamenepo."

"Ndikafunse chiyani? Zaka zonsezi ndakhala ndikulirira malata. Lero andipatsa, ndiye ndikaimirirenso ndi funso? Adzati mayi uja ndi wosayamika, ankangofuna kutchuka. Munthu akakupatsa madzi suyamba kumufunsa kumene watunga."

"Mwina ndi bwino kufunsa, achemwali, ngati munthuyo zaka zonsezi wakhala akukumanani madziwo."

"Pita ukapume. Watopa ndi ana."

Lachinayi linafika, mayi Telala sanapite. Anatulutsa nsalu yabuluu imene anagula ndi ndalama zawo, n'kuyamba kusoka makatani a mawindo a makalasi atsopanowo, kuti tsiku lotsegulira nawonso makolo adzaoneke kuti aikapo dzanja. Chakum'mawa galimoto ya khonsolo inadutsa pamsewu. Bwana uja anakweza dzanja, iwonso anakweza lawo, sizasi ili ku zala. Makina analira tsiku lonse, ndipo mipendero inatuluka yowongoka bwino.

Teremu inatha, ina inayamba, za riboni osamveka. Ahedi akafunsa ankauzidwa kuti utoto sunaume. Kenaka anabwera anthu ena n'kumanga mpanda wa waya pakati pa nyumbayo ndi bwalo la sukulu. Sabata yotsatira, mayi Telala akutsegula makina awo, anaona lole ikubwerera chammbuyo mpaka kukaima pa chimodzi cha zitseko zachitsulo zija. Anyamata anayamba kutsitsa makatoni ndi matumba, wina ali pamakwerero kulemba dzina la sitolo pakhoma. Ana a kalasi yoyamba anali atatsamira waya, akuonerera.

Anasiya makina osaphimba n'kuyenda wapansi mpaka ku khonsolo. Bwana woyang'anira nyumba sanabisale. Anawalandira mu ofesi yake, n'kuwakokera mpando.

"Mayi, palibe chimene chabisidwa apa. Nkhaniyi inakambidwa poyera, pamsonkhano. Zinapezeka kuti m'nyumbamo simukuphunzira mwana aliyense, ndipo malamulo amalola khonsolo kuchititsa lendi nyumba imene ikungokhala. Amene anaikonza ndi wamalonda amene waitenga pa lendiyo, ndi ndalama zake."

"Simunkaphunzira mwana chifukwa munatiuza kuti tiwatulutse."

"Ife tinapempha. Amene anawatulutsa ndi komiti yanu."

"Munati teremu imodzi."

"Ndinanena zimene ndinkadziwa nthawi imeneyo. Zinthu zimasintha, mayi. Ine ndimangogwira zimene makhansala agwirizana." Anawongola mapepala amene anali owongoka kale. "Wapampando wa msonkhano anafunsa ngati pali wotsutsa kuchokera kwa anthu. Anayang'ana kumbuyo kumene mumakhala kuja, anadikira ndithu. Akanapezeka munthu mmodzi yekha, nkhaniyo ikanabwezedwa kuti ikaonedwenso. Ineyo ndinadabwa kuti simunabwere."

"Pangano lakelo litha liti?"

"Mwana amene wayamba sukulu chaka chino adzakhala atamaliza."

Mayi Telala ananyamuka n'kutuluka. Munthu akakunamiza zonse umadziwa pomugwira. Koma uyu anali atasoka bodza ndi zoona pamodzi, msoko wake wosaoneka, ndipo chigamba chachikulu pa nsaluyo chinali chawo chomwe.

Loweruka makolo anasonkhana pabwalo la sukulu, kumbali kwa waya uja. Mayi Telala anafotokoza zonse mmene anazimvera, osachotsapo kanthu. Kenaka anaimirira bambo wina wokonza njinga, amene mwana wake wamkazi tsopano ankapita kusukulu dzuwa lili pamutu n'kumasinza m'kalasi.

"Amayi, ine sindikukuzengani mlandu. Kumisonkhanoko ifenso sitinkapita, tinakusiyirani nokha ngati kuti ana ndi anu nokha. Koma tinakusankhani kuti muzitifunsira. Tsiku limenelo munali kuti?"

"Ndinkasoka makatani," anayankha mayi Telala.

Palibe amene anaseka. Mng'ono wawo anayang'ana pansi.

Makolo anagwirizana zokadandaula kwa akuluakulu a pamwamba pa khonsolo, ndipo dandaulolo linanyamuka ulendo wa bilimankhwe, kuponda apa, kuima, kusintha mtundu. Mayi Telala anapempha kuti atule pansi udindo, koma makolo anakana. Anati amene wapsa ndi amene amaudziwa moto. Mvula itayamba, nyumba ya makalasi atatu ija sinadonthe ngakhale pang'ono, ndipo katundu wa wamalonda anakhala wouma bwinobwino. Kutsidya kwa waya, mphunzitsi wa kalasi yoyamba ankaphunzitsa gulu la m'mawa ndi la masana mpaka mawu kusasa, ndipo ana ena amene kwawo kunali kutali anayamba kujomba, kenaka kusiyiratu.

Pa misonkhano yonse imene mayiwa anapitako, makhansala ankangowapirira. Msonkhano umene funso lawo likanasintha zinthu unali umodzi wokha, ndipo unawapeza ali m'chimwemwe. Wolamulira akayamba kukoma mtima mwadzidzidzi, imeneyo ndiyo nthawi yofunsa kwambiri, koma ndi nthawi yomweyonso imene funso limachita manyazi kutuluka m'kamwa. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene ankati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.