Mphunzitsi Amene Ankauma Ngati Chithunzi

Panali munthu wina dzina lake Yotamu, mphunzitsi pa sukulu ina ya pa intaneti yophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta. Sukuluyi inalibe mpanda, inalibe belu. Ophunzira ankalowa m'kalasi pa foni kapena pa laputopu, wina ali ku Karonga, wina ku Nsanje, onse n'kumaonana pa sikirini.

Akatswiri amene anayamba nayo sukuluyi anali atachoka mmodzimmodzi. Mwini wake, posowa pogwira, anangotola Yotamu, yemwe anali atamaliza maphunziro omwewo miyezi itatu yokha yapitayo, n'kulemba pansi pa chithunzi chake kuti ndi katswiri wa zaka zisanu ndi ziwiri pa ntchitoyi. Yotamu sanakane. Masiku ano akana ntchito ndani?

Koma mtima wake sunkakhala m'malo. Zoti aphunzitse mawa ankaziloweza lero, n'kukazilakatula thukuta lili kamukamu. Chimene ankaopa kwambiri ndi funso. Ndiye anatulukira kanzeru, kanzeru kake konyansa ndithu. Wina akafunsa zomwe iye sakuzidziwa, ankangouma gwa, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa, ngati mmene chithunzi chimaimira netiweki ikathawa. Amawerenga mumtima mpaka teni, n'kudula. Kenako amalemba pa gulupu kuti pepani, netiweki yavuta.

M'kalasimo munali Mayi Esinati, kalaliki wa pa kachipatala kena ku mapiri a ku Neno. Iwo ankafuna kulemba pulogalamu yosunga mayina a odwala, chifukwa mabuku awo ankadyedwa ndi chiswe. Pofunsa mafunso analibe mnzawo. Kwawoko netiweki ndi yochita kusaka, choncho nthawi ya kalasi ankakwera phiri la kuseri kwa chipatalacho. Ataona kuti aliyense akamalankhula zimayenda, koma iwo akangofunsa aphunzitsi amauma, anati vuto ndi lawo. Mlungu uliwonse ankakwera pamwamba pang'ono kuposa kale.

Tsiku lina analembera Yotamu kupepesa kuti akusokoneza anzawo. Anati netiweki ikadukanso Loweruka likubwerali angosiya, mwina maphunzirowa si a anthu akutali ngati iwo. Yotamu anawerenga, anazungulira m'nyumba, anakhala, anadzukanso. Kenako anangotseka uthengawo.

Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, Mayi Esinati anafunsa chifukwa chake pulogalamu yawo imaiwala mayina onse akangoitseka. Yotamu sankadziwa. Thupi linachita zomwe linazolowera: gwa! Anayamba kuwerenga.

Koma munthu wouma dala amakhala akuona. Anawaona mayiwo akupukusa mutu, anawamva akudandaula okha kuti yathawanso. Kenako sikirini yawo inayamba kugwedezeka. Munaoneka thambo, miyala, udzu wouma. Kunamveka wefuwefu, patapata ikuterereka, timiyala tikugubuduka kumunsi. Anafika pansonga penipeni pomwe panalibenso pokwera, n'kuimika foni m'mwamba.

Yotamu anali atafika pa naini. Manyazi anamugwira, ndipo anaphethira, nasuntha.

“Mayi Esinati, tsikani,” anatero. “Netiweki yanu ilibe vuto. Yankho la funso lanu sindikulidziwa. Masiku onse aja ndinkachita dala. Ine ndinamaliza maphunzirowa miyezi itatu yokha ndisanayambe kukuphunzitsani.”

 Ophunzira ena anatuluka m'kalasi pomwepo. Madzulo ake mwini sukulu anaimba foni atalusa, ndipo pofika Lolemba chithunzi cha Yotamu chinali chitachotsedwa. Koma zonsezi sizinamupweteke ngati mawu amene mayi aja ananena atakhala pa mwala, mpweya utabwerera.

“Aphunzitsi, ndiye phiri lonseli ndimakwerera inu?”

Mayi Esinati anatsika. Maphunziro sanasiye, anakafuna wina woti awayankhe.

Tsono inu amene mumaima patsogolo pa anthu kuti muwaphunzitse, ndi inunso amene mumawaimika pamenepo n'kuwalembera mbiri yomwe alibe, mvetsani. Kusadziwa kwanu mukakubisa sikuti kwatha ayi. Wina amakusenza, n'kumayesa kuti woperewera ndi iyeyo. Tayang'anani bwino anthu amene akukumverani. Alipo mmodzi amene akukwera phiri chifukwa cha inu. Muuzeni lero kuti atsike.