Muvi wa Kamtukule ndi gwape wa m'khobwe

Mwambi sugwa kumwamba ngati mvula, ananu. Pamakhala munthu amene anayamba waumva m'thupi, enafe n'kumangoutola wapsa kale. Uwu anaumva ndi Kamtukule, mkamwini wa m'mudzi wina kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama.

Za kupha nyama tisamunamizire, Kamtukule sankapha zambiri. Koma pokonza mivi panalibe womposa. Bango ankalisankha ngati akusankha mbeta. Ankalipinda pabondo kuti amve kulimba kwake, chifukwa uta wake unali wamphamvu, ndipo bango lofewa pa uta wotere limavina m'malere, pomwe louma gwa limapatukira kumbali. Lokhota ankaliwamba pamakala n'kuliwongola ndi mano. Nthenga ankafuna za nkhanga, zonse za phiko limodzi, n'kuzimata ndi phula, n'kuzikulunga ndi mtsempha wa nyama. Muvi ukatha ankaupsompsona ndithu.

Chaka china mvula inadula msanga, chimanga chonse n'kupserera. Banja lake linatsala ndi khobwe wa kudimba yekha, amene mkazi wake Nambewe ankathirira ndi mtsuko. Khobweyo atangoyamba maluwa, gwape wamphongo anamutulukira, n'kumabwera m'mawa uliwonse ngati dimbalo analima ndi amalume ake.

"Bambo a Tsalani, gwape uja wadyanso mizere itatu," anatero Nambewe.

"Ndamuona, ndinali kuseri kwa chulu. Mayi, koma ndiye nyama yonona."

"Mutamuona ndiye mwatani?"

"Ndamuyeza ndi maso. Gwape wotero salasidwa ndi muvi wachisawawa. Ukamuphonya kamodzi sabweranso."

"Asabwerenso kumene. Ife tikufuna khobwe."

Kamtukule anangoseka, chifukwa mumtima mwake ankaona kale muvi umene unalibe mnzake dziko lonse. Anadula bango makumi atatu, n'kutaya onse kupatula limodzi. Masiku anayi anathera kuwongola limodzilo. Nthenga anamata, anamatula, anamatanso. M'mawa uliwonse ankapita kuchulu kuja kukaonerera gwape akudya, n'kubwerako akunyambita milomo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunafika Zalimba, mchimwene wake wa Nambewe.

"Alamu, gwape ameneyu mukumunenepetsera ukwati wa yani? Ndibwerekeni uta. Muvi ndili nawo, wokhota ngati mchira wa galu, koma umafika."

"Uta wanga sulawa mivi yolasira abuluzi, alamu."

Nambewe anatula mtsuko pansi. "Khobwe watsala theka. Mawa gwape akadyanso mzere umodzi, mutenge mivi yanuyo muzikaidya kwanu."

Mawu amenewo anamulowa Kamtukule ngati minga, ndipo dzuwa lisanapendeke muvi uja unatha. Atauzunguza pachikhatho unayenda ngati madzi. Anathamanga khomo ndi khomo kuitana anthu kuti adzaone.

Tsono alenje ena ankayesera mivi pathunthu la nthochi. Kamtukule ayi. Iye ankati muvi wowongoka ndi umene ukauponya kumwamba chilili umabwerera pomwe wachokera. Mivi yake yonse yakale inkagwera patali, wina kukhola, wina padenga la apongozi. Uwu wokha ankaukhulupirira. Mwayi wake unali woti chitsulo cha kunsonga anali asanaikepo.

Anaima pakati pa bwalo, anagadamika khosi, anakoka nsinga mpaka kukhutu, n'kutaya. Muvi unalira fyuu. Unakwera, unakwera, unachepa ngati singano, unachepa ngati udzudzu. Kenako unaima pang'ono m'mwambamo ngati ukuganiza, n'kutembenuka.

Anthu sanadikire kuuzidwa. Amayi anakoka ana kuthawira m'makhonde, nkhalamba zinaiwala ndodo, Zalimba analowa pansi pa nkhokwe. Pabwalo panatsala munthu mmodzi, maso ali kumwamba, mano onse ali pamtunda.

"Bambo a Tsalani, sunthani," anaitana Nambewe.

"Taonani momwe ukuzungulira. Sukugwedera ngakhale pang'ono. Alamu, mukuuona?"

"Ndikuuona bwino ndili pansi pano, alamu. Bwerani tionere limodzi, malo alipo."

"Ndikasuntha ndidziwa bwanji kuti wabwerera penipeni?"

Muvi unakula ngati singano, unakula ngati chala. Kamtukule ankauona bwino lomwe, miyendo anali nayo iwiri yamoyo, ndipo phazi limodzi lokha likanakwanira. Koma chimwemwe chinamukhomera pansi ngati chikhomo cha mbuzi.

"Ukubwera ndendende pa..."

Sanamalize. Muvi unamulowa m'diso lamanja, iye n'kugwa chagada, uta uko.

Masiku atatu banja lonse linali kwa sing'anga kutsidya kwa mtsinje, kudimba kopanda wopitako. Gwape anaitana mkazi wake, ndipo pomwe banjalo linkabwerako linapeza ziputu zokhazokha. Diso silinapenyenso. Chaka chimenecho Nambewe anayenda midzi isanu kusuma chakudya, ana akugonera maungu a eni. Komabe Nambewe sanamupirikitse mwamuna wakeyo. Anati munthu wa diso limodzi angasochere panjira, anthu n'kumanena iye.

Zalimba atabwera kudzazonda, anapeza mlamu wake atakhala pamphasa, nsanza ili kumaso.

"Koma alamu, nenani zoona," anatero Kamtukule motsitsa mawu, "unali wowongoka."

"Wowongoka zedi, alamu. Sunaphonye ndi pang'ono pomwe. Kungoti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso."

Amene anali pakhomopo anaseka mobisa, koma mawuwo anawanyamula, ndipo mpaka lero tikunenabe kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Akuluakulu akamatero amatanthauza kuti vuto ukaliona likubwera, usaime n'kumalionerera kapena kumati ndithana nalo mawa. Chilonda chikadali chaching'ono chitsuke, denga likayamba kudontha lifolere, gwape akadya mzere woyamba mulase ndi muvi umene uli m'manjawo. Kuona kokha sikupulumutsa munthu. Kamtukule anauona muvi wake kuposa aliyense pabwalo paja, ndipo unalasa iye yemweyo.