Matumba a pa Kona ya Mkuyu

Kudera lina la kumapiri kunali munthu wina wokhoma zidebe, ndipo munthuyo sankakhulupirira aliyense. Ukamupatsa moni mwansangala, ankayamba kudzifunsa chomwe ukufuna. Ukamugawira nthochi, ankaitembenuzatembenuza kufuna pomwe yaola. Tisamunene kwambiri, pakuti dziko ndi lomwe linamuphunzitsa. Pa maukwati ndi pa misonkhano anali ataona kambirimbiri mipando yakutsogolo ikudikira anthu a magalimoto, iye wolawirira ataima padzuwa. Koma kwa iyeyu mankhwala anapyola muyezo mpaka kusanduka matenda.

Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Alufeyo, amene ankachita kabaza pa njinga yamoto. Mwendo wa Alufeyo wopondera buleki ndi womwe unkadyetsa mkazi wake, ana ake awiri ndi atate akewo, popeza anthu anali atasiya zidebe za malata n'kuthamangira za pulasitiki.

Chaka china anyamata a kabaza anakonza mpikisano. Njinga zinayenera kunyamuka pamsika, kutsetsereka ndi msewu wafumbi, kukathera kumlatho. Alufeyo analembetsa. Atate ake anati, "Wopambana anamusankha kale amenewo." Komabe tsikulo litafika anavala jekete lawo n'kulawirira, poti mwana ndi mwana.

Tsono panali nkhani yosankha poonera. Pamsika ukanangoona misana ya anyamata akunyamuka. Kumlatho kunali kutali kwa munthu wa mawondo otha. Malo amene aliyense ankawafuna anali pa kona ya mkuyu, pomwe mtsetse umathera ndipo msewu umakhotera kumanzere mwadzidzidzi. Mkuluyo atafika anapeza anthu atawaunjika pachitunda, mkati mwa konayo, kuseri kwa chingwe, dzuwa likuwawamba. Kutsidya kwa msewu, kunja kwa kona, kunali mthunzi wa mkuyu. Mumthunzimo munali matumba otukumuka okwana khumi, oyalidwa bwinobwino pafupi ndi kalavati ya simenti. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe.

Mtima wake unati, "Ehe! Zija zayambikanso."

Anawoloka msewu. Mayi wina woyang'anira pakonapo, wezulo ili m'khosi, anamuthamangira.

"Bambo, uko ayi. Bwererani kuchitunda."

"Nanga matumbawa mwayalira ndani?"

"Muli makoko a mtedza. Njinga ikakana kukhota imathera pamenepo. Ndi pogwera anyamatawa, kuti asakamenye kalavatiyo."

Mkuluyo anaseka cha m'mphuno. "Pogwera! Mthunzi wonsewu pogwera? Nenani zoona, mayi, akubwera mabwana angati?"

"Bambo inu, wakutsina khutu ndi mnansi. Chonde bwererani."

Anabwerera, koma sanakwere pachitunda. Anaima m'mphepete, maso ali kumsewu, kudikira galimoto yomwe itsitse eni matumbawo. Galimoto sinabwere, ndipo kusabwerako kunangomulimbitsa mtima, pakuti mabwana safika msanga. Anayang'ana mayi uja, naona kuti akunong'onezana ndi mnzake. Akunena ine. Anayang'ana anthu a pachitunda akudzipukuta thukuta, nawamvera chisoni. Nkhosa zenizeni, kuuzidwa kuti imani apa n'kuimadi.

Kumtunda kunamveka mkokomo. Mbuzi ziwiri zinalowa mumsewu, mayi uja n'kuthamangira kukazipirikitsa. Pomwepo mkuluyo anadutsa chowerama, nakadzikhazika pa thumba lapakati, n'kupiringiza miyendo. Thumbalo linali lofewa ndithu. Anthu pachitunda anayamba kukuwa ndi kumukodola. Iye anaona nsanje yokhayokha, nawabayibitsa.

Njinga yoyamba inatsika, inakhota, inapita. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inamuthira fumbi m'maso basi. Palibe anagwa. Mkuluyo anadzimenya pantchafu ndi chimwemwe. Si izi! Wagwa ndani?

Yachinayi anaizindikira isanafike, chifukwa cha thanki yake yofiira. Anali Alufeyo, akuthamangitsa atatu aja, ndipo anatsika mtsetsewo ndi liwiro loposa onse. Atayamba kukhota, tayala lakumbuyo linaponda timiyala n'kuterereka. Njinga inakana. Mnyamatayo sanalimbane nayo. Anachita zomwe onse anapangana, kuilunjikitsa pa matumba.

Mkuluyo anaona njinga ikubwera pa iye. Anaonanso nkhope ya mwana wake mkati mwa chipewa, ndipo anaona nthawi yeniyeni imene maso a mwanayo anamuzindikira. Alufeyo anapotokola handulo ndi mphamvu zake zonse. Njinga inalambalala matumba, inalambalala atate ake, n'kukamenya kalavati.

Pachitunda amayi anayamba kulira.

Mkuluyo sanakhudzidwe ngakhale ndi kamwala. Anakwawira kungalande komwe mwana wake anagwera, napeza mwendo wakumanja utapindikira komwe mwendo supindikira. Anagwira dzanja la mwanayo.

Alufeyo anatsegula maso, nafunsa, "Ababa, simunapweteke?"

"Ayi, mwana wanga. Ndimayesa... ndimayesa asungira anthu ena."

"Anasungiradi, ababa. Anasungira ine."

Alufeyo sanakwerenso njinga.

Inu amene mukundimva, sindikuti muzivomera chilichonse. Alipo omanga zingwe kuti adye okha, ndipo mumawadziwa mayina. Koma zingwe zina anamanga ndi anthu amene anaona kale pomwe njinga imathera. Mukapeza malo abwino ali opanda munthu, ndipo wina wakuuzani chifukwa chake, musafulumire kudziyesa ochenjera kuposa khamu lonse. Mwina inuyo mudzadzuka pamenepo osakandika n'komwe. Yambani mwafunsa kuti amene adzathyoke pokulambalalani ndi ndani.