Nsapato za Shehe Twaibu

Tsiku lina mvula itangokata, Haji Ndembo anatulukira pamadrasa pathu nkhope ili gwa. Ine ndinali pakona, ndikukonzekera phunziro la masana. Bambo ameneyu chibwerereni ku Makka ankayenda ngati msewu anaulambula yekha, ndipo tsikuli anangolowa osaima n'komwe pakhomo, salamu yakenso ya m'mano. Analunjika kwa Shehe Twaibu, munthu wachikulire wofatsa amene anatiphunzitsa Kurani tonsefe.

"Shehe, ndamva kuti dzulo munalowa m'kachisi wa Ahindu wa kumtsinje uja, mpaka kuvula nsapato ngati mukulowa mumzikiti. Ngati n'zoona, ana anga ndiwachotsa pano lero lomwe, ndipo makolo ena anditsatira."

Ndinachita mantha, chifukwa Haji akalankhula anthu ankamvera. Madrasa athu akanathera pomwepo.

A Shehe anatseka buku lawo pang'onopang'ono. "N'zoona, a Haji. Takhalani pansi."

"Ndiimirira. Munakataniko?"

"Wansembe wa kumeneko, bambo Harilal, anataya mkazi wawo posachedwapa. Ndinapita kukapepesa. Ndinawapeza m'kachisimo ali okhaokha, akukolopa. Kachisi uja ndi wakale kuposa ine ndi inu, masitepe ake amatsikira mpaka m'madzi, ndipo mvula ikagwa matope amafika pakhomo penipeni. Okolopawo msana wawo unapindika kale."

"Nanga mafano aja? Munawagwadira?"

"Sindinagwade, ndipo iwo sanandipemphe kutero. Chipumi changa chimagunda pansi chifukwa cha Allah yekha. Tinatuluka n'kukhala pamasitepe, tikuyang'ana mtsinje, iwo akulira, ine ndili chete."

"Komabe nsapato munavula! Umenewo si ulemu kwa milungu yawo?"

A Shehe anaweramitsa maso, ndipo ine nditatsatira kumene ankayang'ana ndinagwira pakamwa. Kenako analankhula motsitsa mawu, kuti ana amene ankasewera panja asamve.

"A Haji, ndinavula kuti ndisamuwonjezere ntchito munthu wolira. Pakhomo paja panatsala nsapato ndi matope ake basi. Chikhulupiriro changa ndinalowa nacho, ndinatulukanso nacho. Anawo ndi anu, mukafuna atengeni. Koma musanapite, taonani kumapazi kwanu. Mkeka mwaupondaponda ndi nsapato zamatopewo ndi umene ana anu amaswalirapo akamapemphera."