Choumitsira Ndiwo Chopanda Popumira

Panali mayi wina amene anakwatiwa ndi mmisiri wofolera nyumba. Mwamunayo anali ndi dzanja labwino. Denga limene wafolera iye silinkadontha ngakhale igwe mvula yamkuntho, ndipo anthu ankamuitana mpaka kutsidya kwa mtsinje.

Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wamng'ono dzina lake Sungeni. Chaka cham'mbuyo, m'miyezi yotentha ija minda ikakhala fumbi lokhalokha, ndiwo zinasowa pakhomopo. Mayiyo anali atafutsa masamba ndithu, koma ankayanika pamphasa pabwalo monga achitira aliyense. Ena zinadya mbuzi, ena zinapalasa nkhuku, ena ananyowa ndi mvula iye ali kumunda. Otsalawo anatha Okutobala asanafike pakati. Mwanayo chakudya chopanda ndiwo ankachikankha ndi kadzanja. Kusikelo anatsika, ndipo nesi anamuyang'ana mayiyo nthawi yaitali. Choncho mvula itabweranso, masamba atachuluka m'munda, mayiyo anatsimikiza kuti mfutso wa chaka chino ufike mpaka mvula ina.

Tsiku lina pochokera kuchigayo anaona pakhomo pa munthu wina chinthu chonga bokosi la miyendo inayi. Anaima, ufa uli pamutu. Pansi pa bokosilo panali pakuda, pamwamba panali pepala la pulasitiki loonekera m'kati, ndipo pakati panali thandala la masamba. Eni ake panalibe, ndipo galu anayamba kuuwa. Anapitiriza ulendo. Atafika kunyumba anachijambula pansi ndi kamtengo.

"Bambo a Sungeni, mungandipangire chotere?"

"Mukufuna kuweta nkhunda?"

"N'choumitsira ndiwo. Dzuwa limalowa papepalapa n'kutenthetsa m'kati. Mvula ndi mbuzi sizifikapo."

"Nanga apa mwasiyapa?"

"Panali potseguka. M'munsi muno, ndi kumtunda kuno."

Mwamunayo anaseka. "Ameneyo pepala linamuthera. Amisiri a masiku ano ndi otero."

Anavomera kuchipanga, ndipo sanagule zambiri. Nsungwi anakadula kudimba kwa mlamu wake. Pepala lakuda linali lotsala pa denga lina limene anafolera. Thandala analuka ndi nsungwi zong'amba, n'kuyalapo thumba la anyezi limene mayiyo anachapa bwino ndi sopo. Chogula chinali pepala loyera lokha ndi timisomali. Miyendo anaitalikitsa kuti mbuzi ikaimirira isafikire. Kenako anakuta chonsecho monga ankadziwira ntchito yake. M'mphepete monse anapinda pepala n'kukhomerapo mphira wa tayala. Chitseko chinali chothina moti potsegula munthu ankakoka ndi manja awiri.

"Mukadzapezamo ntchentche, amake Sungeni, mudzandisinthe dzina," anatero akupukuta manja.

Mayiyo anathyola nkhwani dengu lodzaza. Anasadzula, anawiritsa pang'ono, anafinya, n'kuyala pathandala. Masana atapisamo dzanja, munali motentha ngati pafupi ndi uvuni wa njerwa, ndipo anakondwa. Chakumadzulo mvula inagwa n'kutsetsereka papepala osalowa. Anakondwanso.

Koma masambawo sanaume. Anafota, anada, anayamba kuterera. Posakhalitsa anachita nkhungu, fungo lake ngati la matsukwa. Anakawataya kudzala.

"Simunafinye bwino," anatero mwamunayo.

Ulendo wachiwiri anaika khwanya, atafinya mpaka zala kuwawa. Zinachitika chimodzimodzi. Apa mwamunayo anakhulupirira kuti penapake pakulowa chinyezi. Anachizungulira choumitsiracho mogwada, anapeza kabowo ka msomali, n'kukamata ndi pulasitiki wosungunula pamoto.

Namilanzi, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, ankaona zonsezi akutembenuza masamba ake pamphasa.

"Anzanga," anafuula, "manyowa a m'bokosiwo mudzatigawireko kudimba. Ife osaphunzira tizingothamanga ndi mphasa basi."

Mayiyo anangoseka nawo.

Nthawi inali kutha. Masamba a maungu anayamba chikasu, nyemba zinakhwima. Kunatsala chitambe chokha, masamba a khobwe a kumalire a munda, okwana kuthyola kamodzi. Mitambo inali ikubwerabe mosadziwitsa, ndipo mphasa anali ataiyesa kale chaka chatha. Chitambe chimenechi chikanaola, Sungeni akanalowanso m'miyezi yotentha wopanda ndiwo.

Anathyola, anawiritsa, anayala. Tsiku limenelo kumunda sanapite. Mwamuna wake atanyamuka kukafolera kutsidya, iye anakhala pansi pambali pa choumitsiracho, mwana ali pamiyendo, n'kumangoyang'ana.

Dzuwa litakwera, pepala loyera lija linachita chifunga m'kati, monga chichitira chivundikiro cha poto. Chifungacho chinasanduka timadontho. Timadonthoto tinakumana, tinakula, tinayenda pang'ono motsetsereka, kenako n'kugwera pamasamba. Mayiyo anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo. Anakhudza pepalalo kunja kwake. Linali louma. Anayang'ananso dontho lina likugwa, ndi lina. Madziwo sankachokera kunja. Ankatuluka m'masamba momwemo, n'kukwera, n'kusowa potulukira, n'kubwerera kumene achokera.

Ankadziwa chofunika kuchita, ndipo ankadziwanso tanthauzo lake. Choumitsiracho chinaima pabwalo pafupi ndi njira, pamene aliyense wodutsa ankaona ntchito ya mwamuna wake. Kudikira kuti abwere akambirane kunali kusiya masambawo m'madzi tsiku lonse. Anamutsitsa mwana, analowa m'nyumba, anatenga mpeni wosendera mbatata.

Anang'amba pepala la choumitsiracho mzere wautali m'munsi, mbali ya kutsogolo. Anazungulira n'kung'amba wina kumbuyo, chakumtunda, kunsi kwa mlomo wa denga kumene mvula siwomba. Potseguka ponse pawiri anasokerapo chidutswa chotsala cha thumba la anyezi, chopinda pawiri, kuti ntchentche zisalowe. Atamaliza anaika chikhatho pa mpata wakumtunda uja. Panali kutuluka mpweya wofunda, wonyowa, ngati wa ng'ombe ikamakununkhiza. Pofika masana pepala linayera, masamba n'kumaoneka bwinobwino.

Mwamunayo anabwera dzuwa litapendeka, udzu uli m'tsitsi. Anaima patali pang'ono.

"Wang'amba ndani?"

"Ndine."

"Ndiye odutsa panjirapa aziti wapanga chimenechi ndani?"

"Aziti mwapanga ndinu, wang'amba ndine. Ndiwauza ndekha."

Mwamunayo anatembenuka n'kuchokapo. Anakasamba, anadya, osatchulanso za choumitsira. M'mawa mwake anachoka osatsanzika.

Mayiyo ankatembenuza masambawo m'mawa ndi masana. Sanaterere, sanade. Anakhwinyata ali obiriwirabe, mpaka tsiku limene anatapako m'manja n'kumva akuthetheka. Anakulunga zikwatu zake n'kuzipachika kudenga la khitchini. Zinali zochepa. Nkhwani ndi khwanya zinali zitapita kudzala, ndipo zotayidwa sizibwerera. M'miyezi yotentha mfutsowo unakwanira mwana yekha. Makolo ake masiku ena ankadyera mchere. Koma Sungeni ankadya, ndipo kusikelo sanatsikenso.

Mwamunayo sananenepo kuti analakwitsa. Tsiku lina mayiyo pochokera kumjigo anamupeza atagwada pa choumitsira, akuwongola m'mphepete mwa mong'ambika muja ndi lumo, n'kukhomerapo timitengo ta nsungwi.

"Mukutseka?"

"Ayi. Koma ngati ndi zenera, likhale lowongoka. Inu mumang'amba ngati mukutumbula nkhuku."

Amayi anzanga, ambirife pokwatiwa anatilangiza kuti za m'nyumba sizituluka kunja. Malangizowo ali ndi pake, pakuti ntchentche zilipodi. Koma si chilichonse choononga banja chimene chimachokera kunja. Pali zowawa zimene zimabadwira m'nyumba momwemo, ndipo zikasowa potulukira zimabwerera kudzagwera inu ndi ana anu. Musagumule khoma kuti mudzi wonse uonerere. Koma musamatenso paliponse. Khalani ndi munthu mmodzi wosunga pakamwa, kaya ndi ankhoswe, kaya ndi mchemwali wanu, amene mungamuuze zoona. Ndipo muuzeni msanga, zinthu zisanayambe kununkha.