Botolo la Kuseri kwa Shelefu

Panali munthu wina wophunzira, amene ntchito yake inali yopanga mapulasitiki opyapyala ngati tsamba la nthochi, otapa dzuwa n'kulisandutsa magetsi. Sanali woipa mtima, ayi. Mlongo wake anali ndi dimba la matimati, ndipo msana unali utamuthera ndi kutunga madzi. Munthuyo anamulonjeza kuti chilimwe chimenecho adzamubweretsera pampu yoyendera dzuwa.

Tsono pulasitiki yotereyi amaipanga posakaniza mitundu iwiri ya mankhwala. Mtundu wina ndi wopereka: dzuwa likauwomba, umatulutsa mphamvu. Winawo ndi wolandira: umatenga mphamvuyo n'kupita nayo ku waya.

Woperekawo unali wakale, wakuda bii, wovuta kusungunula. Wolandirawo unali watsopano, wochokera kunja, aliyense akuutama. Munthu uja mtima unapita pa watsopanowo. Akamasakaniza, ankawonjezera wolandira n'kuchepetsa wopereka. Mapeto ake botolo la wakalewo analikankhira kuseri kwa shelefu, n'kumachita fumbi kumeneko.

Anakayala pulasitiki yake kudimba, nailumikiza ku pampu. Pampu inangotsokomola kamodzi, n'kukhala chete. Iye anati ndi mitambo, koma kumwamba kunali mbee. Anati ndi fumbi, napukuta. Sizinathandize. Matimati anayamba kufota.

Mlongo wake anatola ndowa yake yakale, nati, "Achimwene, dimbali ndinalikulitsa chifukwa cha mawu anu. Kodi pampu yanuyi imayamba yamwa tiyi?"

Munthuyo atabwerera kuntchito anayeza zonse mofatsa, napeza kuti wolandira uja unalibe vuto. Unkangodikira utatambasula manja, popanda woupatsa kanthu. Pamenepo anatsitsa botolo lija, nalipukuta ndi malaya ake. Anakhalira wakalewo masiku ambiri, kuusefa, kuukonza kuti uzigwira dzuwa lochuluka. Kenako anasakaniza mitundu iwiriyo, uliwonse pa muyeso wake.

Pampu inalira, madzi anathamanga m'dimba. Mizere ya kumunsi inatsitsimuka. Ya kumtunda inali itauma kale, ndipo madzi sadzutsa chouma. Mlongo wake anaizula yekha.

Inu ana anga amene mwabwera kumudzi kuno lero, nsapato zikunyezimira, galimoto osaizimitsa n'komwe, mvetsani. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma fumbi la kuseri kwa shelefu ndimalidziwa kukoma kwake. Sindikuti munthu uja anali mfiti. Anangotengeka ndi chatsopano, monga muchitira inu. Anzanu a m'tauni, mabwana anu, mafoni anuwo, onsewo ndi olandira. Wopereka, amene anakulerani, ali pano, denga likumudonthera, ndipo mumamukumbukira pampu ikaima. Tsitsani botololo mizere ina ikadali yaiwisi.