Munthu amene anapopera gasi wa mabaluni mu kaiti

Panali munthu wina wa kwathu konkuno amene anapita kukasaka ganyu ku Kepitauni. Anasoko, tsekani kukamwa, si amuna anu ayi. Anuwo ngakhale pa Mwanza sanafikepo.

Munthuyu anapeza ntchito m'mbali mwa nyanja ya mchere, kwa bwana wina wophunzitsa alendo masewera a kaiti. Kaiti yake si ija ana amapanga ndi jumbo ya shuga. Iyi ndi yaikulu ngati tenti ya pamaliro. M'mphepete mwake muli chubu ngati cha njinga, umachipopa mpaka chilimbe. Ukatero umadzimangirira zingwe m'chiuno, n'kuima pa kathabwa, mphepo n'kumakukoka pamwamba pa madzi. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo. Kukhuta kumeneko.

Ntchito ya mnzathuyu inali kupopa basi. M'mawa kupopa, masana kupopa.

Tsiku lina bwana anaitana antchito ake atatu. Akuti, "Ndikufuna mmodzi woti aziphunzitsa alendo. Pakatha masabata awiri, amene adzakwere thabwa, kukafika pachigubu chofiira chikuyandama apocho n'kubwerera, ntchito ndi yake. Enanu nyengo ino ikatha tidzatsanzikana."

Ndiye anzake awiri aja tsiku ndi tsiku m'madzi. Mphepo ikangowomba, iwo ali momo. Kugwa, kumwa madzi a mchere, kudzuka, kugwanso. Ndipo madzi akumeneko akuti kuzizira kwake, mano amayamba okha kwaya.

Mnzathu analowamo kamodzi. Mphepo inamunyamula n'kumumenyetsa chamimba, phwa! Anatuluka akutsokomola, mumtima akuti, "Vuto ndi mphepoyi, ilibe ulemu. Kaitiyi itamayandama yokha m'mwamba, ine ndingamapite bwinobwino kunja kuli bata."

Tsono kumene ankagona kunali mayi wina wa ku Ntcheu, wokongoletsa maukwati. Mayiyu anali ndi chibotolo chachitsulo cha gasi uja amapopera mabaluni, aja ukawataya amapita kumwamba osabwerera. Dzina lake akuti hiliyamu. Musandifunse kalembedwe, ine sukulu ndinkangoidutsa popita kuchigayo.

Anapita. "Achemwali, ndigaireniko gasi wanuyu, ndikapopere kaiti."

Mayi aja kuseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, baluni ndi kakhoko ka anyezi. Chanucho chikulemera ngati tambala. Gasi wolowa m'kachubu kameneko ngakhale dzira sanganyamule."

"Inu ingondipatsani."

Mayi aja anavomera, koma anati ayambe wawathandiza kunyamula mipando ya paukwati. Ndiye masabata awiri aja, anzake ali m'madzi, iye mipando pamutu. Akapuma, ali m'mashopu kusaka kapaipi kolumikizira chibotolo ku kaiti.

Tsiku linafika. M'mawa kunja kunali zii, ngakhale nsalu pachingwe osagwedezeka. Bwana akuti, "Tidikire, mphepo ibwera masana."

Mnzathu akuti, "Bwana, ine za kudikira ndinasiya."

Anatula chibotolo chija, kutsegula, fwiii, chubu n'kulimba gwa. Anadzimangirira zingwe, n'kuima nganga, maso kumwamba.

Kaiti ili gone pamchenga ngati ng'ombe yokhuta.

Anaigunda ndi phazi. Palibe. Anaitukula n'kuiponya m'mwamba. Inabwerera pomwepo, n'kumuphimba kumutu. Bwana anabwera, kuinyamula, kuiyeza m'manja, n'kunena osaseka n'komwe, "Yapepukadi. Mwachotsapo ngati kulemera kwa bokosi la machesi."

Masana mphepo inabwera, monga imabwerera masiku onse kumeneko. Kaiti ya mnzathu inadzuka bwinobwino, chimodzimodzi za anzake zopopa ndi pampu wamba. Koma manja ake sankadziwa kuti ukafuna kukhota umakoka pati, mphepo ikakula mphamvu umamasula bwanji. Inamukwekwereza pamchenga, n'kumulowetsa m'madzi, thabwa kwake iye kwake. Anthu anachita kukamuvuula pa boti. Pamene akusanza madzi kumtunda, mnzake wina, amene anagwa kambiri kuposa onse masabata aja, anakafika pachigubu n'kubwerera ali chiimire. Ntchito inapita choncho. Nyengo itatha mnzathu anakwera basi, kubwera kuno ndi kachikwama kamodzi.

Mwaseka eti? Sekani, ndikubwera komweko.

Kaiti ija ndi moyo wako, mayi iwe. Sinapangidwe kuti izidzikweza yokha. Chokweza chimachokera kunja, kwa Mulungu, ndipo chimabwera nthawi yake, osati yako. Koma ife kudikira kumatiwawa, kugwa timachita nako manyazi, ndiye timayamba kudzipopa. Wina ndi yunifomu yoyera mbee, kusita mpaka makala kutha m'nyumba. Wina ndi pemphero lalitali la mawu onjenjemera, ana mpaka kugona ndi njala. Wina ndi mpando wakutsogolo. Anangondo musasunthe, ine sindinatchule dzina. Zimenezi si zoipa ayi, koma sizinyamula munthu. Umangotupa uli pansi pomwepo.

Mulungu akufuna ulowe m'madzi. Akati kakhululukire apongozi ako, pita, ngakhale ukabwereko utatukwanidwa. Akati kazonde wodwala uja simulankhulana, pita. Lero ulephera, mawa upitenso. Kumeneko ndiye manja amaphunzirira kugwira zingwe. Chifukwa likubwera tsiku limene kudzawombe kwenikweni, kaya ndi matenda, kaya ndi maliro m'nyumba mwako, ndipo tsiku limenelo si lophunzirira.

Mphepo ibwera, amayi, imeneyo musaidere nkhawa. Nkhani ndi yakuti ikadzakupezani, mudzakwera, kapena idzakukwekwerezani?

Tiyeni tiweramitse mitu. Amene apemphereyo afupikitse.